Mindfulness ya Abuda pa moyo wa mu Lilongwe: njira 5, iti ingakuyaneni?

Funso ili landipeza kangapo tsopano, ku ofesi, pa gulupu ya WhatsApp ya kwathu, tsiku lina mpaka mu minibasi yochoka ku Depoti kupita ku Area 25 mayi wina atandiona nditatseka maso koma osagona. Amafunsa kuti za mindfulness zi munthu amayamba bwanji, zimafuna ndalama zingati, nanga sizikulowetsa mu chipembedzo china? Nde ndati ndiziike pamodzi njira zimene ndikuzidziwa, iliyonse ndi ubwino wake komanso pomwe imaluma, kuti munthu asankhe akudziwa chomwe akulowa.

Tiyambe tamvana mawu. Mu Chipali, chilankhulo cha malemba akale a Abuda, mawu ake ndi sati, ndipo gwero lake ndi kukumbukira. Kukumbukira kuti uli pano, panopa, thupi lako likupuma, mtima wako uli mmene ulili. Ambiri timati kusinkhasinkha koma mawu amenewa amasokoneza, chifukwa ku tchalitchi kusinkhasinkha ndi kutenga vesi nkumailingalira mozama, pamene apa ganizo likabwera umangoliona kuti labwera, osakwera nalo ulendo. Siddhartha Gautama, wodziwika kuti Buddha, amene anabadwira ku Lumbini ku Nepal zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, anaika sati ngati mbali ya 7 mwa mbali 8 za njira yake, ndipo anati uziyang'ana zinthu 4: thupi, kukoma kapena kuwawa kwa zimene ukumva, mmene mtima ulili, ndi zinthu zimene zikudutsa mmaganizomo.

Chimene chinandikoka ine ndi fanizo lake la mivi iwiri. Muli pa mzere wa mafuta kuyambira 5 koloko mmawa, dzuwa lakwera, njala, ku ntchito mwachedwa. Umenewo ndi muvi woyamba ndipo palibe angauzule, olo mupume bwanji mafuta sabwera ndipo lendi siilipika yokha. Muvi wachiwiri ndi umene timadzilasa tokha, bwanji nthawi zonse ine, abwana aganiza chani, ana adya chani mwezi wa mawa, mpaka mutu kumawawa BP kukwera usiku tulo osabwera. Kuno timati kuganiza kwambiri. Mindfulness imagwira ntchito pa muvi wachiwiriwo basi, ndipo amene angakulonjezeni zoposa apa akufuna ndalama zanu.

Miyeso imene ndikugwiritsa ntchito

Mtengo. Apa ndikuwerenga ndalama, komanso ngati ndalamazo ndi za kwacha kapena madola, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse cholipira mu madola chimatiluma kawiri. Ndikuwerenganso data ndi nthawi, nthawi nayo ndi ndalama makamaka kwa ochita geni.

Kupezeka. Kodi munthu wokhala ku Kawale, Chinsapo kapena Area 36 angazipeze osakwera ndege, nanga zili mu chilankhulo chanji.

Kupitiriza. Uwu kwa ine ndiye muyeso waukulu kuposa yonse. Kuyamba aliyense amayamba, funso ndi lakuti pa 23 mwezi utatalika, magetsi atazima, bandulo itatha, mwana akutsokomola, mudzachitabe?

Zoopsa. Za mmaganizo, za chikhulupiriro, ndi za kudyeredwa ndalama.

1. Kuchitira pa ntchito za tsiku ndi tsiku, panokha

Njira iyi anaitchukitsa kwambiri Thich Nhat Hanh, mmonke wa ku Vietnam amene anayambitsa malo ophunzitsira a Plum Village ku France mu 1982 ndipo anamwalira mu 2022 ali ndi zaka 95. Iye ankaphunzitsa kuti ukamatsuka mbale uzitsuka mbale, osati manja ali mu beseni mutu uli ku msonkhano wa mawa. Ndipo sanazipeke yekha, mu lemba lakale la Abuda lotchedwa Satipatthana Sutta momwe muli maziko a sati muli mawu oti munthu azidziwa bwino akamayenda, akaima, akakhala, akamadya, akamamwa, ngakhale akapita kuchimbudzi.

Mmene ine ndimachitira ndi chonchi. Ndinasankha ntchito imodzi yokha, kuphika nsima ya madzulo. Phala likayamba kubwadamuka ndimamva phokoso lake, kutentha pankhope, ufa ukulowa, mthiko ukulemera mmanja pamene nsima ikulimba, fungo likusintha ikamapsa. Maganizo amathawa ndithu, mwina ka 20 nsima isanaomoledwe, koma kubweza maganizowo ndiye ntchito yake imene, sikulephera ayi. Wina angasankhe kusesa pabwalo mmawa, kuchapa, kudikira pa mzere wotunga madzi, kapena mtunda woyenda pansi kuchoka pa siteji kufika kunyumba. Pamwamba pake ndimaonjezera mphindi 10 zokhala pa mpando wamba, msana wowongoka, kuwerenga mpweya kuyambira 1 mpaka 10 nkuyambiranso, ndikasokonekera ndimabwerera pa 1. Palinso kachizolowezi ka belu, musankhe phokoso limodzi limene mumalimva tsiku lililonse, kaya foni ikaitana kaya belu la ku tchalitchi kaya kuitana kwa ku mzikiti, likamveka mupume katatu musanachite china chilichonse.

Mtengo: palibe olo tambala. Simufuna mkeka wapadera, zofukiza kapena zovala zoyera.

Kupezeka: paliponse, vuto ndi malo a phee basi. Nyumba ya zipinda ziwiri, ana atatu, aneba atsegula wailesi, nde ambiri nthawi imene timaipeza ndi cha mma 4:30 mmawa anthu asanadzuke, pamene kukungomveka atambala. Loweruka amene ali ndi ya thiransipoti akhoza kukayenda pang'onopang'ono ku Botanic Gardens pafupi ndi Nyumba ya Malamulo kapena mu tinjira ta mu nkhalango ku Lilongwe Wildlife Centre, uku kumakhala kolipira polowa.

Kupitiriza: apa ndi pomwe njira iyi imagwetsa anthu, chifukwa palibe amene amakufunsa kuti lero wachita? Malemba a Abuda amatchula zotchinga 5 ndipo zonse mudzakumana nazo sabata yoyamba yomwe: kulakalaka zina, mkwiyo, tulo ndi ulesi, kusakhazikika kwa mtima pamodzi ndi nkhawa, ndiye kukayika kuti kodi zimenezi zikuthandizadi. Kudziwa maina ake kumathandiza, ukamva kuti ndikufuna ndidzuke ndione foni umangoti aa, uku ndi kusakhazikika kuja, nkukhalabe. Chinandithandiza china ndi kumangirira chizolowezichi pa ntchito imene sindingaidumphe, nsima iphikidwa ndithu kaya ndakondwa kaya ayi.

Zoopsa: ndi zochepa koma ziwiri ndizinene. Choyamba, musatseke maso paliponse, pa Tsoka kapena mu Malangalanga kukhala tcheru ndi maso otsegula, dzanja pa chikwama, khutu kwa a kabaza a njinga zamoto. Chachiwiri chimandipweteka mtima. Kuno amayi ambiri amauzidwa kuti banja ndi kupirira, ndipo munthu wophunzira yekha akhoza kutenga mawu oti landira zimene zilipo nkuwasandutsa chifukwa chokhalira pa nkhanza, kumenyedwa nkumati ndikungoyang'ana mpweya wanga. Zimenezo si sati. Kuona zinthu mmene zilili kukutanthauzanso kuona kuti pano ndikuvulazidwa, ndipite kwa ankhoswe, ku Victim Support Unit ya apolisi, kapena ndichokepo.

2. Ma apu a pafoni

Odziwika kwambiri ndi Headspace ndi Calm. Headspace anaiyambitsa nawo Andy Puddicombe, Mngelezi amene anakhalapo mmonke wa Chibuda. Palinso Insight Timer, Medito, ndi apu ya Plum Village. Onsewa amagwira mofanana, mumavala mahedifoni, mawu amakutsogolerani kwa mphindi 5, 10 kapena 20, amvekere tsopano mverani mapazi anu, tsopano bwererani pa mpweya.

Mtengo: Headspace ndi Calm zambiri zimene zili mkatimo ndi zolipira, mu 2024 zinali pafupifupi madola 70 pa chaka iliyonse, ndipo zimafuna khadi yotha kulipira kunja. Medito ndi yaulere yonse, ya Plum Village nayonso ndi yaulere, Insight Timer ili ndi zaulere zambirimbiri kuphatikizapo kawotchi kokhala ndi belu. Chotsala ndi data, nde njira yake ndi kukopera zomvetserazo mu foni pamene muli pa Wi-Fi ngati apuyo ikulola.

Kupezeka: foni ya Android wamba ikukwana. Koma zonse zili mu Chingerezi ndi zilankhulo zina zakunja, ndipo zitsanzo zake ndi za moyo wa kwina, kukwera sitima ya pansi pa nthaka, kuyenda mu chipale chofewa. Amayi anga kumudzi njira iyi siingawathandize, ndipo ndi anthu ngati iwowo amene amagona ndi maganizo ambiri.

Kupitiriza: masabata oyamba zimayenda bwino chifukwa apu imakukumbutsa ndi kukuwerengera masiku. Vuto limabwera foni ikathima magetsi atapita kuyambira mmawa, kapena ikabedwa. Ndinaona pa ine ndekha kuti patatha miyezi ingapo sindimatha kukhala phee popanda mawu a munthu mkhutu, ndiye ndinayamba kuchepetsa, tsiku lina ndi apu tsiku lina ndi kawotchi kokha.

Zoopsa: chida chimene chikukuphunzitsani bata ndi chomwecho chili ndi Facebook ndi TikTok, mukangomaliza mphindi 10 chala chalowa kale kwina. Ikani foni pa flight mode. Chenjeraninso ndi zoyesa zaulere za masiku ochepa zimene zimafuna nambala ya khadi poyamba, mukaiwala kuletsa amadula ya chaka chonse. Ndipo dziwani kuti ma apu ambiri anachotsamo mbali ya makhalidwe. Kwa Buddha sati imayenda limodzi ndi malamulo 5, osapha, osaba, osachita chigololo, osanama, osaledzera. Munthu amene akunamiza makasitomala masana nkumafuna mtima wa phee usiku, apu imuthandiza pang'ono chabe.

3. Kosi ya masabata 8, MBSR

Iyi ndi kosi yochepetsa nkhawa pogwiritsa ntchito mindfulness (Mindfulness-Based Stress Reduction), anaiyambitsa Jon Kabat-Zinn mu 1979 ku sukulu ya zachipatala ya University of Massachusetts ku America, poyamba inali ya odwala amene ululu wawo sumatha ndi mankhwala. Anatenga njira za Abuda nkuchotsamo mapemphero ndi miyambo yonse. Mumakumana kamodzi pa sabata maola awiri ndi theka, pali tsiku limodzi lathunthu lokhala chete, ndipo kunyumba mumayenera kuchita mphindi 45 tsiku lililonse, kuyendetsa maganizo mthupi kuchokera kuphazi mpaka kumutu, kukhala ndi mpweya, ndi yoga yofewa. Kuchokera mu imeneyi munatuluka kosi ina yotchedwa MBCT, ya Zindel Segal, Mark Williams ndi John Teasdale, imene ku Britain imavomerezedwa pothandiza anthu amene matenda okhumudwa amawabwerera mobwerezabwereza.

Mtengo: yokhala ndi mphunzitsi pa Zoom nthawi zambiri ndi madola mazana angapo, kuonjezapo data ya vidiyo maola onsewo. Koma ilipo yaulere ya pa intaneti, Palouse Mindfulness, imene mumaphunzira nokha pa liwiro lanu ndi zowerenga, mavidiyo ndi zomvetsera.

Kupezeka: kwa ife a ku Lilongwe khomo lake ndi intaneti, ndipo Chingerezi chanu chikhale chotha kuwerenga masamba angapo pa sabata. Makalasi a ku America amagwa pakati pa usiku kuno, a ku South Africa ali bwino chifukwa nthawi yathu ndi imodzi.

Kupitiriza: mphindi 45 pa tsiku si zamasewera kwa munthu wonyamuka 6 koloko kupita ku Kanengo nkubwerako kutada. Ubwino wake ili ndi poyambira ndi pothera, mumadziwa kuti sabata ino ndikuchita chakuti. Sabata ya 9 ndi imene imavuta, dongosolo latha mwatsala nokha, mwabwerera ku njira yoyamba ija.

Zoopsa: mwa njira zonsezi iyi ndi imene madokotala aifufuza kwambiri, ndipo kwa Mkhristu kapena Msilamu amene akuopa kugwadira zachilendo ndi imene ilibe chifanizo kapena pemphero lililonse. Chenjezo ndi pa aphunzitsi, aliyense akhoza kulemba pa Facebook kuti ndine kochi wa mindfulness atangoonera mavidiyo awiri. Mufunseni anaphunzira kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, iye mwini amachita kangati.

4. Vipassana ya masiku 10

Vipassana, mawu a Chipali otanthauza kuona zinthu mmene zilili, ndi kosi yogonera komweko, yozama kuposa zonse ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa anthu amaimva theka, amangomva zoti ndi yaulere. Inafalikira dziko lonse kudzera mwa S.N. Goenka, amene anabadwira ku Burma mu 1924, anaphunzira kwa Sayagyi U Ba Khin, nkuyamba kuphunzitsa ku India mu 1969, anamwalira mu 2013. Mpaka pano malangizo a pa kosi amamveka mu mawu ake ojambulidwa.

Belu limalira 4 koloko mmawa. Mumakhala pansi maola pafupifupi 10 pa tsiku. Foni, mabuku, cholembera zonse mumapereka pofika. Simulankhula ndi wophunzira mnzanu kwa masiku 9, olo ndi manja kapena maso, mumangolankhula ndi mphunzitsi kapena woyang'anira pakakhala vuto. Amuna ndi akazi amakhala kosiyana. Chakudya chilibe nyama, ndipo madzulo ophunzira atsopano amangolandira tiyi ndi zipatso. Masiku atatu oyamba mumangoyang'ana mpweya pamphuno, tsiku la 4 mumayamba kuyendetsa maganizo mthupi lonse kumamva kutentha, kuyabwa, kuwawa, osakanda osathawa, ndipo kuyambira pamenepo katatu pa tsiku mumayesetsa kukhala ola lathunthu osasuntha. Tsiku la 10 amaphunzitsa metta, kufunira zabwino zamoyo zonse, ndipo pakamwa pamatseguka.

Mtengo: kosi, chakudya ndi pogona ndi zaulere ndithu, zimalipiridwa ndi zopereka za amene anamalizapo kale ndipo salandira ndalama kwa munthu amene sanamalizepo. Chodula ndi ulendo. Malo okhazikika a kuno kummwera ndi Dhamma Pataka pafupi ndi Worcester ku Western Cape, South Africa. Muwerenge pasipoti, basi yopita ku Johannesburg kudzera ku Tete ndi Zimbabwe imene imadya pafupifupi masiku awiri, kenako ulendo wina wautali wolowera ku Cape Town, ma randi a panjira, ndi masabata oposa awiri osagwira ntchito. Wa pa ntchito yolembedwa ndiye kuti holide yonse yapita, wa geni ndiye kuti benchi yatsekedwa.

Kupezeka: mumalembetsa pa dhamma.org, malo amadzaza msanga nde muyambe miyezi ingapo isanafike. Pa tsamba lomwelo amaikanso makosi ochitikira mmaiko ena a mu Africa pa malo obwereka.

Kupitiriza: pomaliza amakulangizani ola limodzi mmawa ndi ola limodzi madzulo tsiku lililonse, ndi kubwereza kosi kamodzi pa chaka. Kunena chilungamo ndi ochepa amene angakwanitse zimenezi ali ndi banja mu Lilongwe muno. Munthu amabwerako nkhope ili mbee, patatha mwezi fizi, maliro, ngongole ya ku banki nkhonde, maola awiri aja asanduka mphindi 15. Mphindi 15 zimenezo zimakhala zozama kuposa za munthu amene sanapiteko, izi sindikana, koma mudziwiretu.

Zoopsa: ziwiri zazikulu. Yoyamba ndi ya mmaganizo. Kukhala chete masiku onsewo kumafukula zimene munazikwirira kalekale, imfa, kugwiriridwa, ngozi. Willoughby Britton wa ku Brown University ndi anzake anafufuza anthu amene kusinkhasinkha kotere kunawabweretsera mantha aakulu, kusowa tulo, kapena kumva ngati thupi si lawo, ndipo ena zinawatengera nthawi yaitali kuti zithe. Fomu yolembetsera imafunsa za matenda a mmaganizo ndi mankhwala amene mukumwa, chonde yankhani zoona, musabise kuti akutengeni. Yachiwiri ndi ya chikhulupiriro. Iwo amati kosi ndi ya anthu a zipembedzo zonse ndipo sakuuzani kuti musinthe mpingo, koma malamulo awo amapempha kuti pa masiku 10 amenewo muimitse mapemphero ndi miyambo yonse ya chipembedzo chanu, korona kapena tasbihi mumasungitsa. Kwa Msilamu woswali kasanu pa tsiku kapena Mkatolika amene sagona osapemphera korona, iyi ndi nkhani yaikulu yoti aiganizire ali kunyumba, osati akafike ku Worcester. Mumamvanso Goenka akuimba mawu a Chipali mmawa, ena zimawakhazika mtima pansi ena zimawasowetsa mtendere.

5. Kagulu ka anzanu, kapena kuphunzira kwa amonke

Pali nkhani mmalemba yoti Ananda, amene ankatumikira Buddha, anati kukhala ndi abwenzi abwino ndi theka la moyo woyera. Buddha anamukonza kuti ayi Ananda, ndi moyo wonsewo. Ife izi sitifunika kuphunzitsidwa, mutu umodzi susenza denga, chipereganyu chimayenda chifukwa anzako akukudikira. Nde anthu 4 kapena 5 akhoza kumakumana kamodzi pa sabata pakhonde pa mmodzi wa iwo, kukhala chete mphindi 20, kuyenda pang'onopang'ono pabwalo mphindi 10, kenako aliyense anene mmene sabata yayendera popanda wina kumudula kapena kumulangiza.

Mtengo: thiransipoti ndi tiyi.

Kupezeka: muyenera kukayambitsa nokha, ndipo ubwino wake ndi umenewo, mumalankhula Chichewa, mmodzi amene amamva Chingerezi amamvetsera chiphunzitso nkufotokozera anzake. Amene akufuna Chibuda chenicheni ndi amonke ake, kuno ku Malawi chodziwika ndi Amitofo Care Centre kufupi ndi Blantyre, imene anayambitsa mmonke wa ku Taiwan Hui Li, koma ntchito yawo yaikulu ndi kulera ana amasiye ndipo mwambo wawo ndi wa Chitchaina wotchula dzina la Amitabha Buddha. Ku South Africa kuli Nan Hua Temple ku Bronkhorstspruit kufupi ndi Pretoria komanso Buddhist Retreat Centre ku Ixopo. Ndimakondanso kutchula Bhante Buddharakkhita, mmonke wa ku Uganda amene anayambitsa Uganda Buddhist Centre kufupi ndi Entebbe mu 2005, ziphunzitso zake zili pa YouTube ndipo kumva mu Afirika mnzathu akufotokoza zimenezi kumachotsa maganizo oti ndi za azungu ndi amwenye okha.

Kupitiriza: apa njira iyi imaposa zonse. Tsiku limene ulesi wakugwira umapitabe chifukwa anzako afika kale.

Zoopsa: miseche. Zimene munthu waulula mu kagulu zikatuluka, kagulu katha ndipo munthuyo wavulala, nde lamulo la chinsinsi likhale loyamba. Aneba nawo akaona anthu atakhala chete maso otseka pakhonde mawu oti zausatana satenga nthawi kufalikira, ndi bwino kuwafotokozera poyera kapena kuwaitana adzaone. Ndipo pasapezeke mmodzi wodzisandutsa mneneri wa kagulu, woyamba kutolera ndalama kapena kuuza anthu kuti asiye mankhwala a kuchipatala.

Nde iti ya ndani

Ngati muli ndi ana aang'ono, geni ya pa msika, foni ya mabatani, tengani njira yoyamba ndipo muyambe ndi ntchito imodzi yokha ndi mphindi 5, musadzikakamize zambiri. Pakatha mwezi mukadali nazo, funani mnzanu mmodzi muyambe njira ya 5.

Ngati muli pa ntchito ya mu ofesi ku City Centre kapena Capital Hill, Wi-Fi ilipo, ndipo simunayambe mwakhalapo phee olo kamodzi, Medito kapena apu ya Plum Village ikuphunzitsani poyambira popanda kutaya dola. Zolipirazo zisiyeni kaye mpaka mutaona kuti zaulere zakuchepelani, ndipo pakatha miyezi iwiri yambani kumakhala masiku ena opanda mahedifoni.

Ngati ndinu munthu wa mpingo kapena wa ku mzikiti ndipo mtima ukukayika, MBSR ndi imene ingakupatseni mtendere, kapena njira yoyamba ija popanda dzina lililonse la Chibuda. Ena amakhala ndi mpweya mphindi 5 asanayambe pemphero lawo la mmawa kuti apemphere maganizo ali pamodzi. Kambiranani ndi abusa, ansembe kapena a shehe anu, muwafotokozere chenicheni chimene mukuchita. Vipassana muiganizire pokhapokha mwawerenga malamulo ake onse ndipo mwagwirizana nawo.

Ngati muli ndi ululu wosatha, BP kapena shuga ndipo nkhawa ikuonjezera, MBSR inapangidwira anthu ngati inu, koma mankhwala apitirire monga adokotala ananenera.

Ngati mwakhala mukuchita tsiku ndi tsiku kwa chaka kapena kuposa, mutu uli bwino, kunyumba kuli wosamala ana ndipo ndalama ya ulendo siichokera ku katapila, pitani ku Vipassana, ndipo musananyamuke konzani kale kagulu kodzakulandirani mukabwerako.

Ngati simukugona masabata angapo, mukumva mawu amene ena sakuwamva, mwaferedwa posachedwa ndipo mukulephera kudzuka pabedi, kapena maganizo ofuna kudzipha akubwera, musayambe ndi iliyonse mwa njira zisanuzi panokha, makamaka ya masiku 10 ija. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, akuperekezeni ku chipatala cha Bwaila komwe kuli gawo loona za matenda a mmaganizo, kapena ku St John of God konkuno ku Lilongwe, ndipo za mpweyazi mudzafunse amene akukuthandizaniwo kuti muyambe liti komanso ndi mphindi zingati.